Musanasinthe galimoto ya mipando iwiri ndi SUV

Ngati muli ndi galimoto yaliwiro yomwe imangogona m'galaja, ndipo mukufuna kuisintha ndi SUV (galimoto yaikulu, yokwera m'mwamba) yamphamvu ngati Porsche Cayenne kapena BMW X5 M, musathamangire kukaionetsa ili choncho. Galimoto yokhalitsa osayenda imawonongeka mwakachetechete. Batire imafooka, matayala amaphwatalala mbali yomwe yatsamira pansi, mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi. Iyendetseni kaye masiku angapo, sinthani oyilo, sonkhanitsani mapepala onse a sevisi. Wogula wochenjera amakhulupirira mapepalawo kuposa makilomita ochepa.

Onaninso manambala anayi omaliza pa chizindikiro choyamba ndi zilembo za DOT chomwe chimalembedwa m'mbali mwa tayala. Mukaona 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Labala imauma ndi zaka ngakhale tayala lisanaperepeseke.

Pokayesa SUV ija, tengani mpando wa mwana muumangirire pa ISOFIX (tizitsulo tokolekapo mpando wa mwana m'galimoto), kangolo kake mukaike m'buti, muone ngati likutsekeka. Apa ndi pomwe ambiri timaphonya, timangotengeka ndi kulira kwa injini. Galimoto zimenezi zimalemera kupitirira matani 2, choncho mabuleki ndi matayala sizichedwa kutha. Funsiranitu mtengo wa mabuleki ndi matayalawo musanasaine chilichonse.