Momwe ndinabwezeretsera database ya pa seva yakutali netiweki ikudukaduka

Ndimasamalira webusayiti ya malo ena ogona alendo ku Senga Bay kuno ku Salima, koma seva yake ili kunja kwa dziko. Vuto linabuka pamene ndinkafuna kubwezeretsa database (nkhokwe ya deta ya webusayitiyo) ya pulogalamu ya MySQL, fayilo ya 48 MB. Mu phpMyAdmin, pulogalamu ya mu brawuza yoyendetsera MySQL, inkakanidwa, chifukwa upload_max_filesize (malire a kukula kwa fayilo yotumizidwa) pa sevayo inali ikadali pa 2 MB. Ndinakweza malirewo, koma netiweki ikangoduka pang'ono ntchito inkathera panjira, matebulo a database ena alipo ena palibe. Bandulo inatha choncho.

Mnzanga wina anati nditsegule port 3306, khomo la MySQL pa seva, kuti ndizilowa mwachindunji. Ndinakana, chifukwa kumeneko n'kugona chitseko cha golosale chili pululu.

Chomwe chinathandiza kuti ndizilowa mu database ndi DBeaver, pulogalamu yaulere yoyendetsera ma database, kudzera pa SSH, njira yotetezeka yolowera pa seva yakutali. Apa ndi pomwe ndinatayira madzulo onse. Mu DBeaver, pa gawo la SSH mumalemba adiresi ya seva, port 22 ndi kiyi yanu ya SSH, koma pa gawo la database host ikhale 127.0.0.1 (adiresi yotanthauza 'makina omwewa'), osati adiresi ya seva. Mukalowera pa SSH, MySQL imakuonani ngati muli m'nyumba momwemo. Ine ndinkalemba adiresi ya seva ponseponse, n'kumangobwezedwa.

Fayilo yaikuluyo sindinaidutsitse mu DBeaver. Ndinaifinya ndi pulogalamu ya gzip mpaka 7 MB, ndinaitumiza pa seva ndi scp (lamulo lokopera mafayilo kudzera pa SSH), kenako n'kuilowetsa ndi lamulo la mysql ndili mu tmux pa sevapo, pulogalamu yomwe imapitiriza ntchito ngakhale netiweki itaduka. Magetsi anathima ntchito ili mkati, laputopu nayo batire lake ndi lakufa kale. Atayaka ndinalowanso n'kupeza matebulo onse alowa.