Musathamangire kumata mng'alu: momwe mungadziwire ngati khoma likusuntha

Mng'alu ukaoneka pakhoma, ambiri amangokanya simenti n'kumata. Pakapita miyezi umatulukanso pomwepo, chifukwa chimene chinang'amba khomalo chikadalipo. Musanagwire simenti, dziwani kaye ngati mng'aluwo ukukula kapena unaima.

Yambani ndi pensulo. Lembani kamzere pomwe mng'alu wathera, mbali zonse ziwiri, ndipo muike deti pambali. Pomwe wayasama kwambiri muyeze ndi lula m'mamilimita, kenako muujambule pa foni lulayo ili pomwepo.

Mukatero, matani kagalasi kopyapyala mopingasa mng'aluwo, guluu wolimba mbali iyi ndi inayo. Kakasweka, ndiye kuti khoma likusuntha. Muzikaona mwezi uliwonse, ndipo ngati mng'aluwo sukuthamanga, pirirani mpaka dzinja ndi chilimwe zidutse. Dothi lamakande limafufuma likanyowa n'kunyala likauma, choncho mng'alu umatha kutseka nthawi ya mvula n'kuyasamanso kukauma. Mtengo waukulu ukakhala pafupi vutoli limakula, popeza mizu imayamwa madzi pansi pa maziko.

Maonekedwe ake nawonso amaulula zambiri. Timing'alu tangati ukonde wa kangaude nthawi zambiri timakhala ta pulasitala yemwe anauma msanga, sitoopsa. Wodetsa nkhawa ndi wotsetsereka motsatira mizere ya njerwa, wotambalala kumwamba n'kuchepa kumunsi, wooneka mkati ndi kunja komwe, makamaka zitseko zikayamba kuvuta kutseka. Pamenepo kayikirani maziko. Bungwe lofufuza za zomangamanga la ku Britain, la Building Research Establishment, limati mng'alu wosapitirira mamilimita 5 ndi wongomata, wa pakati pa 5 ndi 15 umafuna mmisiri, pomwe wopitirira 25 ndi chizindikiro choti nyumbayo yawonongeka kwambiri. Ine ndingati ukangodutsa 5 uku ukukulabe, itanani injiniya.

Pa konkire yang'anani madontho a dzimbiri. Chitsulo cha mkati mwa konkire chikachita dzimbiri chimatupa n'kukankha konkire kuchokera mkati. Gogodani pang'onopang'ono ndi hamala; pomwe pakumveka ngati pali mphako, konkire yalekana ndi chitsulo. Gumulani yofookayo mpaka kuseri kwa chitsulo, chikwecheni ndi burashi yawaya, nyowetsani pamalopo, kenako matani. Koma pa chipilala kapena mtanda wonyamula denga musagumule nokha osachirikiza.

Musanamate chilichonse, thanani ndi gwero lake: paipi yodontha, madzi a padenga othira m'mbali mwa khoma, ngalande yotsekeka. Mukamata, muzithirira madzi kwa masiku osachepera 7, chifukwa simenti imafuna chinyontho kuti ilimbe, ndipo mphamvu yomwe amisiri amawerengera imafika pa masiku 28. Pachigambacho lembaninso deti, muzipaonabe mwezi ndi mwezi.