Chilungulira chikamabwera ndi nkhawa

Pamene m'mero umalumikizana ndi chifu pali kamnofu kamene kamatseka chakudya chikangodutsa. Kakafooka, kapena kakamatseguka pa nthawi yolakwika, asidi wa m'mimba amabwerera m'mwamba. Ndicho chilungulira: kutentha pachifuwa, kugeya zowawasa, ena mpaka kutsokomola usiku ndi kusasa mawu m'mawa.

Ambiri kuno ku Salima amaloza chala tsabola wa kambuzi, chipisi ndi kanyenya, ndipo sakunama. Koma taonani nyengo imene vutoli limakula. Mwera ukaomba, maboti a ku Senga Bay ndi ku Chipoka n'kukhala pamtunda, tsiku lobweza ngongole ya banki m'khonde likuyandikira, fizi ya ana ikudikira, ndi pamene bambo kapena mayi amachezera usiku atagwira pachifuwa. Nkhawa imachititsa m'mero kumva ululu msanga, moti ngakhale asidi wochepa amaotcha kwambiri. Komanso munthu wankhawa amadya mothamanga, amasuta fodya pafupipafupi, tulo osabwera. Zonsezi zimakolezera.

Njira imene ndimalimbikitsa, yosalira ndalama, ndi kupumira m'mimba. Khalani tsonga pampando kapena pamphasa, dzanja limodzi pachifuwa, lina pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4. Dzanja la pamimba ndilo likwere, la pachifuwa lingokhala phee. Tulutsani mpweya pakamwa mukuwerenga mpaka 6. Chitani zimenezi kwa mphindi 5 mpaka 10, m'mawa ndi madzulo, ndiponso nthawi iliyonse mtima ukayamba kuthamanga ndi maganizo. Musazione ngati zachibwana. Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wopumira, ndipo m'mero umadutsa pakati pake. Mnofuwo ukamagwira bwino ntchito umathandiza kutseka njira ya asidi, pomwe kupuma kodekhako kumatsitsa mtima pansi. Koma musayembekezere kusintha tsiku lomwelo, zimatenga masabata.

Pa chakudya, siyani foni ndi nkhani za ngongole. Tafunani usipa ndi nsima mosapupuluma, ndipo mbale isachite kusefukira. Kudya pang'ono kangapo kuli bwino kuposa kukhala ndi njala tsiku lonse kenako n'kukhuta kwambiri usiku. Mukatha kudya yendani pang'ono. Alimi a mpunga ku Lifuwu, musathamangire kukawerama m'munda mimba ili yodzaza, ndipo lamba kapena chitenje chisathine m'chiuno. Padutse maola awiri kapena atatu musanagone. Gonerani kumanzere, ndipo kwezani bedi kumutu ndi njerwa masentimita 15 mpaka 20. Kuunjika mapilo kumangopinda mimba.

Chimene chikukudyani mumtima muuzeko wina: mkazi kapena mwamuna wanu, abusa, ashehe, mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Kachasu sachotsa nkhawa, amangofooketsa kamnofu kaja.

Mankhwala ali ndi malo ake. Kuchipatala amapereka magnesium trisilicate kapena omeprazole. Pewani kumangogula aspirin, ibuprofen ndi Indocid pagolosale, chifukwa amapweteka chifu. Soda wosungunula m'madzi asakhale chizolowezi, makamaka kwa odwala BP. Amayi oyembekezera, chilungulira chimachitika kawirikawiri, koma funsani kusikelo musanamwe chilichonse.

Pali zina zimene kupuma sikungathetse. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Ngati nsima ikukakamira pomeza, mukuonda popanda chifukwa, mukusanza magazi kapena chimbudzi chikutuluka chakuda bii, pitani msanga ku chipatala chachikulu cha Salima kapena chaching'ono chapafupi. Chimodzimodzi ngati chilungulira chikubwera kangapo pa sabata kwa nthawi yaitali. Ululu wa pachifuwa wofika kumkono kapena kunsagwada, limodzi ndi thukuta ndi befu, ukhoza kukhala wa mtima. Wotereyu thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.