Kakonzedwe ka chikondwerero cha zakudya zolima tokha kuno ku Johannesburg

Amalawi ambiri okhala ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville ndi Cosmo City ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba, ndipo ena amabzala mpiru m'matayala akale ndi m'zidebe. Chikondwerero cha zakudya chiyenera kutsamira pa timadimba timeneti, osati pa katundu wobwera pa basi kuchokera kumudzi.

Yambani ndi kusankha tsiku, pakuti apa ndi pamene komiti yokonza chikondwererochi ingaphonye zonse. Mtima umathamangira pa 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, koma mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimapsereza nkhwani ndi bonongwe usiku umodzi wokha. Pa 24 Sepitembala, tsiku la Heritage Day, lokumbukira chikhalidwe cha anthu a kuno ku South Africa, mvula imakhala isanakhazikike, moti m'madimba mumakhala mulibe kanthu kooneka. Mvula ya kuno imagwa kuyambira Okutobala kufikira cha mu Malichi, choncho kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo ndiyo nthawi imene maungu, chimanga chachiwisi, khwanya ndi chitambe zimapezeka pamodzi. Lamulungu masana ndi bwino kuposa Loweruka, chifukwa abale athu ambiri amagwira ntchito Loweruka. Muonenso kuti tsikulo lisagwere m'mwezi wa Ramadan ngati mukuitana abale achisilamu a ku Mayfair, ndipo miphika ya nyama yawo ikhale payokha.

Mukagwirizana za tsiku, gawanani mbewu mu Okutobala, banja lililonse lidziwiretu chimene lidzabweretse. Ndalama zingasonkhedwe monga timachitira pa chipereganyu, kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo msungichuma azilemba m'buku loti aliyense aone.

Pa ndiwo zongomera zokha pafunika kusamala kwambiri. Chisoso ndi bonongwe, zimene eni dziko amaziika m'gulu la ndiwo zotchedwa morogo, zimamera paliponse m'dzinja, ndipo munthu amakopeka kuti angothyola. Musalole ndiwo zothyoledwa m'mbali mwa msewu kapena pafupi ndi milu ya dothi la m'migodi imene ili kumwera kwa mzinda, chifukwa dothi limenelo lili ndi yureniyamu ndi zitsulo zina zovulaza thupi, ndipo kutsuka masamba sikuchotsa zimene mbewu yayamwa ndi mizu. Aliyense wobweretsa ndiwo anene kumene zachokera.

Zokolola zikapereŵera, pitani m'mamaŵa ku Joburg Market ku City Deep, kumene tomato ndi anyezi amagulitsidwa pa bokosi ndi pa thumba, kapena funsani ku dimba la Siyakhana ku Bezuidenhout Park. Koma zogula zilembedwe kuti n'zogula. Kunamizira kuti mwalima nokha kumafooketsa mayi amene wathirira mzere wake miyezi isanu.

Bwalo la tchalitchi kapena la sukulu limachepetsa mavuto. Ngati mukufuna paki kapena mukuyembekezera khamu, pemphani chilolezo ku khonsolo ya mzinda nthawi ikadalipo, popeza zochitika zapagulu zimaunikidwa ndi komiti ya khonsoloyo yoona za chitetezo yotchedwa JOC, ndipo ogulitsa chakudya amafunika kukhala ndi Certificate of Acceptability, chiphaso cha ukhondo wa malo okonzera chakudya chochokera kwa a zaumoyo.

Thobwa liphikidwe dzulo lake kuti chimera chigwire bwino, nsinjiro zisinjidwiretu, ndipo kuphika kukhale kwa gasi kapena mbaula poopa kuzima kwa magetsi. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuti mphika umodzi uphikidwe poyera anthu akuona. Ana obadwira kuno ambiri sanaonepo agogo akusenda nkhwani, akukoka ulusi kuchokera ku phesi mpaka kutsamba, kenaka n'kuthira nsinjiro pamwamba osatakasa mpaka zitapsa. Pambali pake wina aonetse kafutsidwe ka masamba, kuwaŵiritsa pang'ono ndi kuwayanika pa mphasa, chifukwa mfutso ndiwo udzakhale ndiwo za mu Julayi.

Aliyense abwere ndi mbale ndi kapu yake, kuti pasatsale mulu wa mapulasitiki, ndipo makoko ndi zotsalira zitayidwe m'dramu limodzi loti zikaole n'kukhala manyowa. Pafupi ndi chipata ikani tebulo la mbewu za maungu, nyemba ndi therere, zokulungidwa m'timapepala tolembedwa dzina la mbewuyo ndi mwezi wobzalira, kuti wotuluka aliyense atengeko kamodzi.