Zimene wosewera mpira ayenera kumwa ndi kupewa asanalowe m'bwalo komanso akatuluka

Wosewera amene wathamanga mphindi 90 padzuwa la mu Okutobala amataya madzi ambiri kudzera m'thukuta, ndipo zimene amamwa m'maola otsatira ndi zimene zimachititsa kuti mawa adzuke ali ndi mphamvu kapena ali wolefuka.

Yambani ndi sikelo. Dziyezeni musanalowe m'bwalo, ndipo mudziyezenso mukangotuluka. Kilogalamu iliyonse imene yachoka ikuimira pafupifupi lita imodzi ya madzi, choncho mumwe lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse, pang'onopang'ono, osati nthawi imodzi. Ngati sikelo palibe, yang'anani mkodzo: ukakhala wachikasu kwambiri ndiponso wochepa, thupi likufunabe madzi.

Mowa usakhale chakumwa choyamba masewera akatha, ngakhale anzanu atakukakamizani kuti mukondwerere chipambano. Mowa umachititsa impso kutulutsa madzi ambiri, moti munthu amene wauma kale ndi thukuta amangouma kwambiri. Umachedwetsanso kukonzeka kwa minofu imene yatopa, ndipo umasokoneza tulo, pamene tulo ndi nthawi yomwe thupi limadzikonza. Chiwindi chimatha kuchotsa mowa wochepa chabe pa ola limodzi, ndipo khofi kapena kusamba madzi ozizira sizifulumizitsa ntchitoyi. N'chifukwa chake amene wamwa kachasu Loweruka usiku amalowa m'bwalo Lamulungu ali ndi matsire, miyendo ili yolemera, ndipo mpira umamudutsa asanaganize chochita. Ngati mwabinya bondo kapena mwavulala pamwendo, musamwe ngakhale pang'ono kwa masiku awiri oyamba, chifukwa mowa umawonjezera kutupa.

Nkhani ya zakumwa zotsekemera ndi yovutirapo, pakuti shuga amathandizadi pamene masewera apitirira ola limodzi. Vuto ndi kuchuluka kwake. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni aang'ono 8, pomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapyole pafupifupi masupuni 12 patsiku, ndipo kuti 6 ndiwo abwino koposa. Chakumwa chotsekemera chotere chimachedwa kuchoka m'mimba, ndipo mpweya wake umatupitsa mimba pothamanga. Kumwa chakumwachi tsiku lililonse kumaononga mano, kumanenepetsa, komanso kumawonjezera chiopsezo cha matenda a shuga. Ngati mukufuna kukoma panthawi yopuma, sungunulani Sobo ndi madzi ambiri mpaka kukoma kumveke patali, n'kuthiramo kamchere pang'ono, kapena mudye nthochi n'kumwera madzi.

Samalaninso ndi zakumwa zimene amati zimapatsa mphamvu, chifukwa zambiri zili ndi shuga ndi kafeini wambiri amene amagunditsa mtima mofulumira ndi kuthawitsa tulo, ndipo kuzisakaniza ndi mowa kumabisa kuledzera mpaka munthu amamwa mopyola muyeso.

Mukafika kunyumba, mudye pasanathe maola awiri. Nsima ya usipa kapena ya nyemba, pamodzi ndi kapu ya mkaka kapena thobwa losathira shuga wambiri, zimabwezeretsa mphamvu ndi kumanga minofu, ndipo mukatero mugone msanga.