Batire silinalakwe, vuto linali alternator

Nyali yofiira ya batire m'galimoto yanga inayamba kuyaka ndikutsika phiri la Zomba kuchokera ku Ku Chawe, ndipo m'mawa uliwonse lamba wozunguza alternator (chipangizo chotchaja batire injini ikamalira) ankalira ndikaliza injini. Ndinkaganiza kuti batire latha, moti ndinatsala pang'ono kugula lina.

Mwamwayi mnzanga wa ku Chinamwali anandibwereka multimeter, mita yoyezera mphamvu ya magetsi. Injini ili chete, batire linawerenga ma volts 12.4. Nditaliza injini linatsikira pa 12, pamene alternator yabwino imapereka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Lamba nayenso anali atang'ambikang'ambika, akunyezimira chifukwa choperepeseka. Ndinamukunga kaye, koma manambala sanasinthe.

Apa ndinadziwa kuti vuto ndi alternator, ndipo ndinaganiza zoisintha. Ndinayamba ndi kuchotsa waya wa negative pa batire. Apa musachite chibwana, chifukwa sipanala ikagunda waya wamkulu wa alternator batire lili cholumikiza, moto umathetheka. Kenako ndinajambula pa foni mmene lamba anadutsira, ndinamasula mabawuti, n'kumanga alternator ina pamodzi ndi lamba watsopano. Sindinakunge mopyola muyezo poopa kupha bearing. Ndikadina ndi chala, lambayo ankalowa pafupifupi sentimita 1.

Nditalizanso injini, mita inawerenga 14.2, nyali ija n'kuzima.