Loboti ya FIRST LEGO League ikuphonya pa mpikisano: chochita

FIRST LEGO League ndi mpikisano wa ana wa maloboti a LEGO oyenda pa tebulo. Ngati loboti ya mtundu wa SPIKE Prime imagwira bwino kusukulu koma pa mpikisano imasochera, vuto kawirikawiri si pulogalamu. Konzeranitu laputopu, chingwe cha USB, kansalu konyowa pang'ono ndi wotchi.

1. Tchajani batire usiku mpaka idzadze.
2. Mu pulogalamu, yezani mtunda ndi madigiri a mota, osati masekondi. Batire ikafooka, sekondi imodzi siifikitsanso loboti pomwe inkafika.
3. Pukutani matayala musanayambe raundi iliyonse. Fumbi limawatereretsa.
4. Mangani kachimango ka LEGO kotsamira khoma la tebulo, kuti loboti izinyamukira malo amodzimodzi. Kuyika ndi maso n'kudzinamiza.
5. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: ana amayatsa hub (kakompyuta koyendetsa loboti) ali nayo m'manja, akuyenda. Gyro, sensa ya mu hub yoyeza kutembenuka, imafuna bata poyaka, apo ayi loboti imayamba kukhotera mbali pang'onopang'ono ngakhale mwaiuza kuti ilunjike. Ikani loboti pansi, yatsani, dikirani pang'ono osaigwedeza, ndipo ulendo uliwonse uziyamba ndi kubwezera yaw (madigiri a komwe loboti yaloza) pa 0.
6. Yesani sensa ya mitundu pa tebulo loyeserera la kumeneko, chifukwa magetsi a mu holo amasiyana ndi a m'kalasi.
7. Yesererani mphindi 2 ndi masekondi 30 zonse za raundi, kuphatikizapo kusintha zida. Nthawi imathera pamenepo. Akumbutseninso ana kuti kugwira loboti ili kunja kwa home (malo a pa tebulo omwe amaloledwa kuigwirira) kumatayitsa precision token (kachizindikiro kopatsa mapointi) imodzi mwa 6.